Orton Chirwa (1919–1992): loya amene anayambitsa chipani cha MCP n'kudzafera m'ndende ya Zomba

A Orton Edgar Ching'oli Chirwa anali loya komanso mtsogoleri wa ndale wa dziko la Malawi. Anabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay ndipo anamwalira pa 20 Okutobala 1992 m'ndende ya Zomba. Ndiwo anali munthu wachikuda woyamba wa ku Nyasaland kuloledwa kuimira anthu pa milandu m'makhoti akuluakulu. Mu 1959 anayambitsa chipani cha Malawi Congress Party, chimene ambiri amangochitcha MCP, ndipo pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964 anali nduna ya zachilungamo. Patangotha miyezi iwiri ufulu utabwera anasemphana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, nathawira ku Tanzania. Patapita zaka 17 anagwidwa pamodzi ndi mayi akunyumba kwawo, a Vera Chirwa, ndipo anakhala m'ndende zaka pafupifupi 11 mpaka imfa yawo.

Mbiri ya a Chirwa ndi ya ku Malawi, koma imakhudzanso mbali ino ya malire. Chimodzi mwa zimene zinawayambanitsa ndi a Banda chinali ubale wa boma la Malawi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndipo pamene ankamwalira n'kuti abale athu ambiri a ku Tete, Zambézia ndi Niassa ali m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi komweko.

Kwawo ndi maphunziro

A Chirwa anali Mtonga wa m'mbali mwa nyanja. Dera la Nkhata Bay linalandira sukulu msanga poyerekeza ndi madera ena a Nyasaland, chifukwa amishoni a ku Scotland a mpingo wa Livingstonia anakhazikika pa Bandawe mu 1881. Kuyambira nthawi imeneyo kuderako kunkachokera aphunzitsi, makalaliki ndi akapitawo ambiri amene ankapita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa.

A Chirwa anakaphunzira ku yunivesite ya Fort Hare ku South Africa, sukulu imene inaphunzitsanso a Nelson Mandela, a Robert Mugabe ndi a Henry Masauko Chipembere. Atabwerako anakhala mphunzitsi pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya Domasi, pafupi ndi Zomba. Mu 1951 anakwatira a Vera Chibambo, amene anabadwa mu 1932 ndipo pambuyo pake anadzakhala mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya.

Maphunziro a zamalamulo anakawamalizira ku London, ndipo mu 1958 bungwe la Lincoln's Inn, limodzi mwa mabungwe anayi amene amavomereza maloya oyankhula m'makhoti a ku England, linawalandira. Chaka chomwecho anabwerera kwawo. Kufikira nthawi imeneyo, munthu wachikuda wa ku Nyasaland amene anali ndi mlandu waukulu ankayenera kulemba loya wachizungu kapena wachimwenye, ngati anali ndi ndalama zake. Ambiri ankangoima okha pamaso pa woweruza, n'kumayankhula kudzera mwa womasulira.

Chitaganya ndi malimidwe

Nkhani imene inatentha ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 inali chitaganya, chimene boma la Britain linakhazikitsa mu 1953 pophatikiza Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu ambiri a ku Nyasaland anali atagwirapo ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo ankadziwa tsankho la kumeneko ndi momwe azungu analandira nthaka yabwino. Ankaopa kuti chitaganya chibweretsa zomwezo kwawo.

Kumidzi mkwiyo unkakula chifukwa cha malamulo a ulimi amene anthu ankawatcha malimidwe. Mlimi ankakakamizidwa kuunga mizere yopingasa, kukumba migula, kuzula mapesi a thonje ndi fodya pa tsiku loikika, ndi kusalima m'mbali mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, kuzuliridwa mbewu, kapena kutsekeredwa. M'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu munalinso thangata, yomwe inkakakamiza munthu kugwirira ntchito mwini esiteti kuti aloledwe kukhala pa malo. Mu 1953 Inkosi Gomani yachiwiri ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe potsutsa chitaganya. Boma litafuna kuigwira, mfumuyo inadumpha malire n'kulowa mbali ya Angónia, koma Apwitikizi anaibweza m'manja mwa Angelezi, ndipo inamwalira chaka chotsatira.

Mu 1951 a Chirwa analemba nawo chikalata chotsutsa chitaganya chimene chinaperekedwa kwa nduna za ku Britain. Koma chitaganyacho chitakhazikitsidwa, iwo pamodzi ndi a Charles Matinga ndi a Andrew Mponda anayambitsa kabungwe ka Nyasaland Progressive Association, kamene kankafuna kugwira ntchito mkati mwa dongosolo latsopanolo. Zimenezi zinawadetsera mbiri pakati pa anthu a chipani cha Nyasaland African Congress. Anadzabwezeretsa ulemu wawo atabwera kuchokera ku London, pamene anakhala mlangizi wa chipanicho pa zamalamulo ndi kuyamba kuimira mamembala ake m'makhoti.

Chaka cha 1959

Dr. Banda anafika pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo anatenga utsogoleri wa Congress. Misonkhano yawo inkasonkhanitsa chinamtindi cha anthu, ndipo kumayambiriro kwa 1959 zipolowe zinabuka m'maboma angapo. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, naletsa chipani cha Congress, ponena kuti atsogoleri ake akonza chiwembu chopha azungu. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Dr. Banda anatumizidwa ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo a Chirwa ndi ena ambiri anakatsekeredwa ku Khami, pafupi ndi Bulawayo. Mayi Vera Chirwa nawonso anamangidwa.

Kwawo kwa a Chirwa ndi kumene kunakhetsedwa magazi ambiri. Pa 3 Malichi pomwepo, anthu anasonkhana pa doko la Nkhata Bay pofuna kuona abale awo amene anawatsekera m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikali anawombera n'kupha anthu osachepera 20. M'dziko lonse anaphedwa anthu oposa 50. Boma la Britain linatumiza bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin. Lipoti lake, lomwe linatuluka mu Julayi 1959, linati panalibe umboni wokwanira wa chiwembu chopha azungu onse monga boma linkanenera, linadzudzula nkhanza za apolisi ndi asilikali, ndipo linanena poyera kuti anthu ambiri a ku Nyasaland sakufuna chitaganya.

Kubadwa kwa MCP

A Chirwa anatulutsidwa mu Ogasiti 1959, atsogoleri ena akadali m'ndende. Monga loya anaona kuti lamulo linaletsa chipani cha Nyasaland African Congress chokha, koma silinaletse kuyambitsa chipani china. Pa 30 Seputembala 1959 anakhazikitsa Malawi Congress Party, iwo nakhala pulezidenti wake woyamba. Mlembi wamkulu anali a Aleke Banda, mnyamata wa zaka 20 amene anali atathamangitsidwa ku Southern Rhodesia. Chipanicho chinayambitsa nyuzipepala ya Malawi News, ndipo m'miyezi yochepa chinali ndi nthambi m'maboma onse.

Akuluakulu ena a boma la atsamunda ankayembekeza kuti a Chirwa, pokhala munthu wophunzira ndi wofatsa, angalole kukambirana nawo za tsogolo la dziko Dr. Banda ali m'ndende. A Chirwa anakana. Ankanena kuti iwo akungosungira mpando mwiniwake, ndipo anauza boma la Britain kuti sipadzakhala zokambirana mpaka Dr. Banda atatulutsidwa. Nduna yoona za mayiko olamulidwa ndi Britain, a Iain Macleod, inalamula kuti Dr. Banda atulutsidwe pa 1 Epulo 1960, ndipo patangopita masiku ochepa a Chirwa anawapatsa utsogoleri wa chipani. Chaka chomwecho msonkhano wa MCP ku Nkhotakota unasankha Dr. Banda kukhala mtsogoleri wa chipani wamuyaya.

Olemba mbiri ambiri amanena kuti a Chirwa ndi anzawo a m'badwo umenewo anathandiza okha kumanga mphamvu imene inadzawatembenukira. Pofuna kuti anthu akhale pamodzi polimbana ndi atsamunda, ankakweza Dr. Banda ngati mpulumutsi, ndipo sankadzudzula mokwanira pamene achinyamata a chipani ankaopseza kapena kumenya anthu a zipani zina ndi a Mboni za Yehova amene ankakana kugula makhadi.

Unduna ndi kusintha makhoti

Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 chipani cha MCP chinapambana kwambiri. A Chirwa analowa m'nyumba ya malamulo ndipo anapatsidwa udindo mu unduna wa zachilungamo. Dziko litayamba kudzilamulira mu Febuluwale 1963, Dr. Banda ali nduna yaikulu, a Chirwa anakhala nduna ya zachilungamo, ndipo pambuyo pake anakhalanso mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo.

Ntchito yawo yaikulu pa nthawiyi inali kukonzanso makhoti a kumidzi. M'nthawi ya atsamunda mfumu ndiyo inkatolera msonkho, kulondoloza malamulo a malimidwe, komanso kuweruza amene aphwanya malamulowo. Lamulo la 1962 linalekanitsa ntchito zimenezi. Linakhazikitsa makhoti ang'onoang'ono okhala ndi wapampando wosankhidwa ndi boma, amene sankayenera kukhala mfumu. Makhotiwa ankaweruza milandu ya maukwati, chuma cha masiye, ngongole ndi milandu ina yaing'ono, ndipo wosakhutira anali ndi njira yochitira apilo mpaka ku khoti lalikulu. Mafumu ena sanakondwe nazo chifukwa mphamvu zawo zinachepa.

Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo Nyasaland inakhala dziko la Malawi pa 6 Julayi 1964.

Mkangano wa nduna wa 1964

Chimwemwe cha ufulu sichinakhalitse. Patangopita masabata ochepa, a Colin Cameron, mzungu yekhayo m'gulu la nduna, anatula pansi udindo pokana ganizo la Dr. Banda lobwezeretsa lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Pa msonkhano wa nduna wa pa 26 Ogasiti 1964, nduna zinauza Dr. Banda madandaulo awo maso ndi maso, ndipo pambuyo pake zinawalemba m'chikalata chimene chimadziwika ndi dzina la Kuchawe, malo a pamwamba pa phiri la Zomba.

Madandaulo akuluakulu anali awa. Ndunazo zinkati Dr. Banda akusunga maunduna ambiri m'manja mwawo, akugamula okha nkhani za boma, ndiponso akuzinyoza pagulu pozitcha anyamata awo. Zinkati mipando ikuluikulu m'boma ikadali ndi azungu, pamene malipiro a Amalawi ogwira ntchito m'boma atsekerezedwa potsatira lipoti la Skinner. Zinkakana kuti odwala azilipira tiki, ndalama ya makobiri atatu, m'zipatala za boma, poti munthu wakumudzi sankayembekeza kuti ufulu ungamubweretsere msonkho wa kuchipatala. Zinkafuna kuti Malawi ivomereze boma la China la ku Beijing, lomwe linkalonjeza thandizo la ndalama. Pomaliza zinkatsutsa ubale ndi Portugal komanso maboma a azungu a kum'mwera.

Nkhani ya Portugal inali yovuta. Dr. Banda ankati Malawi ilibe doko la kunyanja yaikulu, ndipo katundu wake yense amadzera pa njanji ya ku Beira, yodutsa pa mlatho wa Dona Ana ku Mutarara, choncho kuyambana ndi Apwitikizi n'kudzitsekera khomo. Iwo anasankha a Jorge Jardim, mkulu wa bizinesi wa ku Beira amene anali pafupi ndi boma la Salazar, kukhala kazembe wapadera wa Malawi mumzindawo. Ndunazo zinkaona kuti dziko limene langomasuka silingagwirane chanza ndi atsamunda amene akupondereza abale ake tsidya lina la malire. Mwezi wotsatira, pa 25 Seputembala 1964, Frelimo inayamba nkhondo yomenyera ufulu kumpoto kwa Mozambique.

Bwanamkubwa Glyn Jones anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi koma zinakanika. Pa 7 Seputembala Dr. Banda anachotsa a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo awo pogwirizana ndi anzawowo, ndipo a Chipembere, amene anali pa ulendo ku Canada, anachita chimodzimodzi atabwera. A John Msonthi anatula pansi udindo koma anabwereranso m'boma. Nyumba ya malamulo inakambirana nkhaniyi pa 8 ndi 9 Seputembala ndipo inaima kumbali ya Dr. Banda. M'masabata otsatira kunachitika ndewu ku Zomba ndi madera ena, ndipo otsatira nduna zochotsedwazo anayamba kusakidwa. A Chirwa anayesabe kufuna njira yoyanjanirana, koma moyo wawo unali pa chiswe, ndipo chaka chisanathe anawolokera ku Tanzania.

Zaka za ku Tanzania

Ku Dar es Salaam, mzinda umene unalinso likulu la Frelimo, a Chirwa anapitiriza ntchito ya zamalamulo ndi kuphunzitsa. Mayi Vera Chirwa anakaphunzira zamalamulo ku London, anagwira ntchito ya uloya m'boma la Tanzania, kenako anakaphunzitsa pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka.

Anzawo ena anayesa kugwetsa boma ndi mfuti. Mu Febuluwale 1965 a Chipembere ananyamuka ndi gulu lawo ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi, kulunjika ku Zomba, koma anatsekerezedwa pa doko la Liwonde. Mu Okutobala 1967 a Yatuta Chisiza analowa ndi kagulu ka zida kudera la Mwanza ndipo anaphedwa pomenyana ndi asilikali. M'dzikomo mphamvu za Dr. Banda zinkakulirakulira. Mu 1966 Malawi inakhala dziko la chipani chimodzi, mu 1967 inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, mu 1970 njanji yolumikiza Malawi ndi doko la Nacala inatsegulidwa, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala pulezidenti wamuyaya.

A Chirwa anayambitsa gulu lotsutsa la Malawi Freedom Movement, lodziwika kuti Mafremo. Panalinso magulu ena awiri a Amalawi okhala kunja, la a Kanyama Chiume ndi la Lesoma lotsogozedwa ndi Dr. Attati Mpakati. Kukhala kunja sikunkateteza munthu. Mu 1979 Dr. Mpakati anavulazidwa manja ndi bomba lotumizidwa m'kalata ali ku Maputo, ndipo mu 1983 anaphedwa ku Harare.

Kugwidwa pa 24 Disembala 1981

Tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi mu 1981, a Chirwa, mayi Vera ndi mwana wawo Fumbani anali pa ulendo kum'mawa kwa Zambia, kudera la Chipata, pafupi ndi malire a Mchinji. Kumeneko anagwidwa ndi achitetezo a boma la Malawi. Boma linanena kuti atatuwa analowa okha m'Malawi ndi cholinga chogwetsa boma. A Chirwa ndi mayi Vera ankanena nthawi zonse kuti anachita kubedwa ali m'dziko la Zambia n'kuwalowetsa m'Malawi mokakamiza. Fumbani anasungidwa zaka zoposa ziwiri osazengedwa mlandu, ndipo anatulutsidwa mu 1984.

Makhoti a miyambo ndi mlandu woukira boma

Kuti timvetse mlandu wa a Chirwa tiyenera kudziwa momwe makhoti anasinthira iwo ali kunja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku Blantyre kunachitika kuphana kwa usiku kumene kumadziwika kuti milandu ya ku Chilobwe. Khoti lalikulu litamasula anthu ena oganiziridwa chifukwa chosowa umboni, Dr. Banda anakwiya nanena kuti malamulo achingelezi akuteteza zigawenga. Mu 1969 nyumba ya malamulo inasintha makhoti a kumidzi aja kukhala makhoti a miyambo, amene anthu ambiri ankawatcha makhoti a mafumu. Kunakhazikitsidwa khoti lotere m'chigawo chilichonse mwa zitatu, lokhala ndi mphamvu yoweruza milandu ya kupha munthu ndi kugamula chilango cha imfa. Mu 1976 anawonjezerapo milandu youkira boma. Oweruza angapo a khoti lalikulu anatula pansi maudindo awo pokana kusinthaku.

M'makhoti amenewa ambiri mwa oweruza anali mafumu osaphunzira zamalamulo, osankhidwa ndi pulezidenti, amenenso akanatha kuwachotsa nthawi ina iliyonse. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Malamulo a umboni sankatsatidwa monga m'khoti lalikulu, ndipo apilo inkapita ku khoti lina la miyambo, osati kwa majaji. Anthu ena amanena kuti a Chirwa anaweruzidwa ndi makhoti amene anawakhazikitsa okha, koma zimenezi sizolondola kwenikweni. Makhoti a 1962 ankaweruza milandu yaing'ono ndipo anali pansi pa khoti lalikulu. Mphamvu yonyonga ndi kutseka njira ya apilo zinabwera iwo atachoka kale.

Mlandu wa a Chirwa ndi mayi Vera unayamba mu Julayi 1982 m'khoti la miyambo la chigawo cha kum'mwera ku Soche, mumzinda wa Blantyre. Anawaimba mlandu wokonza chiwembu chogwetsa boma. Pokhala maloya, anadziimira okha ndipo ankafunsa mafunso mboni za boma, koma sanaloledwe kuitana mboni zawo zochokera kunja kwa dziko. Anatsutsanso kuti khotilo linalibe mphamvu yoweruza anthu obedwa m'dziko lina pa zinthu zimene akuti zinachitikira kunja kwa Malawi. Mu Meyi 1983 onse awiri anapezeka olakwa nagamulidwa kuti anyongedwe.

Mwezi womwewo nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, pafupi ndi malire athu. Boma linati inali ngozi ya galimoto, koma bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi.

Mu Febuluwale 1984 khoti la apilo la miyambo linavomereza kuti mlanduwo unayendetsedwa molakwika m'mbali zambiri, komabe linasiya chigamulo cha imfa momwe chinalili. Maboma akunja, bungwe la Amnesty International ndi mpingo wa Church of Scotland, umene Dr. Banda anali mkulu wampingo wake, anachonderera kuti awiriwa asaphedwe. Pa 30 Juni 1984 Dr. Banda anasintha chilangocho kukhala chokhala m'ndende moyo wonse.

M'ndende ya Zomba

A Chirwa ndi mayi Vera anasungidwa m'ndende imodzi ya Zomba koma m'zigawo zosiyana, osaloledwa kuonana. Kwa nthawi yaitali a Chirwa ankakhala okha m'chipinda, nthawi zina atamangidwa maunyolo m'miyendo, chakudya chili chochepa ndiponso chithandizo cha mankhwala chili chosakwanira. Abale ndi ana awo sankaloledwa kuwachezera.

Chaka cha 1992 zinthu zinayamba kusintha. Pa 8 Malichi maepiskopi a mpingo wa Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi onse, yodzudzula kutsekera anthu popanda mlandu ndi kusowa kwa chilungamo m'makhoti. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe pofuna kulengeza za ndale za zipani zambiri. Mu Meyi mayiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lawo lina mpaka boma litalemekeza ufulu wa anthu.

Mu Seputembala gulu la maloya a ku Britain linaloledwa kulowa m'ndende ya Zomba. Pa tsikulo a Chirwa ndi mayi Vera anaonana koyamba patatha zaka zisanu ndi zitatu. Maloyawo anapeza a Chirwa atafooka, akumva movutikira, maso atachita ng'ala moti sankaona bwino. Patangotha masabata ochepa, pa 20 Okutobala 1992, anamwalira m'chipinda chawo ali ndi zaka 73. Panali patapita masiku 16 kuchokera pamene a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Roma, ndipo anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anali akadali ku Malawi, ambiri mwa iwo ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. A Chirwa anaikidwa m'manda kwawo ku Nkhata Bay. Mayi Vera sanaloledwe kupita kumaliro a amuna awo.

Zimene zinatsatira

Mayi Vera Chirwa anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993, atakhala m'ndende zaka zoposa 11. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi ambiri anasankha ndale za zipani zambiri. Chaka chomwecho makhoti a miyambo a m'zigawo ndi khoti lawo la apilo anaimitsidwa, ndipo udindo wa pulezidenti wamuyaya unathetsedwa. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Dr. Banda anagonja kwa a Bakili Muluzi.

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi amene anayamba kugwira ntchito mu 1994 anatseka mipata yambiri imene inagwiritsidwa ntchito pa a Chirwa. Amanena kuti munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake, aonekere ku khoti pasanathe maola 48, akhale ndi ufulu wolemba loya, aitane mboni zake, ndiponso athe kuchita apilo ku khoti lapamwamba. Bungwe la mayiko a mu Africa loona za ufulu wa anthu, limene likulu lake lili ku Banjul m'dziko la Gambia, linamva dandaulo limene Amnesty International inapereka m'malo mwa banja la a Chirwa, ndipo linapeza kuti boma la Malawi linaphwanya ufulu wawo pa kasungidwe ka m'ndende ndi pa kuwazenga mlandu popanda loya. Chigamulo chimenechi chimatchulidwabe pa milandu ya akaidi m'mayiko ena a mu Africa.

Mayi Vera Chirwa anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu osauka kudziwa malamulo ndi ufulu wawo. Pambuyo pake anasankhidwa kukhala m'modzi wa makomishonala a bungwe la ku Banjul lija, ndipo anapatsidwa ntchito yoyendera ndende za m'mayiko a mu Africa. Mbiri ya moyo wawo anailemba m'buku lotchedwa Fearless Fighter, lomwe linatuluka mu 2007. Mumzinda wa Mzuzu muli msewu waukulu wotchedwa dzina la a Orton Chirwa, ndipo chipani cha MCP, chimene kwa zaka pafupifupi 30 chinkawatcha woukira boma, tsopano chimawatchula kuti ndiwo anali pulezidenti wake woyamba.